Za Kufunsa Nduna m'Bwalo la Malamulo

Inu owerenga a ku Machinga ndi ku Balaka, makolo anu ambiri ananka ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama za msonkho. Kodi anawafunsira ndani kwa Boma za malipiro ao? Bwalo la Malamulo linakhazikidwa ku Zomba m'caka ca 1907, koma munalibe mwini dziko. Wowanenera anali mmishoni, monga Dotolo Hetherwick. Eni dziko oyamba analowamo m'1949, ndipo m'1956 Chipembere ndi Chiume anayamba kupanikiza akulu a Boma ndi mafunso.

Koma m'masiku a cipani cimodzi mafunso otere anazilala. Pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'1974, nipha amuna athu 74, Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi ndi mau ace okha, ndipo panalibe phungu wakulimba mtima kumtsutsa.

Kuyambira 1994 phungu alemba funso la nchito kapena malonda, nduna iyankha poyera, ndipo iye afunsanso ngati yazemba. Tsono musaleke kutuma aphungu anu, pakuti nduna yosafunsidwa siyankha kanthu.