Sikirini Yakuda pa Linux: Mlandu Uli kwa Osunga Zinsinsi

Kwa zaka zoposa 30, ogwiritsa ntchito Linux akhala akulimbana ndi vuto limodzi lomwe limangosintha maonekedwe: munthu ayatsa kompyuta, sikirini n'kungoti bii. Ambiri amathamangira kuloza chala Linux yeniyeniyo, amvekere mapulogalamu olembedwa ndi anthu ongodzipereka sangapikisane ndi a makampani. Mbiri ya ntchito yokonza mavutowa ikutsutsa zimenezo. Kawirikawiri chimene chinkasowa si luso ayi, koma zikalata zofotokoza mmene khadi la zithunzi limagwirira ntchito, zomwe opanga makhadiwo ankazitsekera m'kabati.

Mu 1992, patangotha chaka Linus Torvalds atatulutsa Linux, kunabadwa XFree86, pulogalamu yomwe inkaonetsa mawindo pa makompyuta wamba. Masiku amenewo munthu ankatsegula fayilo ya XF86Config n'kulemba yekha mzere wotchedwa Modeline, wa manambala asanu ndi anayi, monga 25.175 640 656 752 800 480 490 492 525. Manambalawo ankauza khadi liwiro lojambulira chithunzi, ndipo malangizo ankachenjeza mosabisa mawu kuti ukaphonya ukhoza kuwononga monita. Chinathetsa chintchito chimenechi si kuchenjera kwa ogwiritsa ntchito. Mu 1994 bungwe la VESA linakhazikitsa EDID, njira yoti monita izinena yokha zimene ingakwanitse, ndipo m'kupita kwa zaka kulemba Modeline kunasanduka ntchito ya apo ndi apo. Uthenga utangoyamba kuyenda poyera, vuto linazilala.

Umboni waukulu uli pa makampani awiri omwe anatenga njira zosiyana. AMD itagula kampani yopanga makhadi ya ATI mu 2006, chaka chotsatira inayamba kutulutsa zikalata za makhadi ake a Radeon. Zipatso sizinabwere tsiku lomwelo, pakuti driver yakale yotsekedwa ya fglrx inavutitsabe anthu kwa zaka zambiri. Koma driver yotseguka ya amdgpu italowa mu kernel mu 2015, zinafika poti wogula khadi la AMD amangoliika, n'kuyatsa, chithunzi n'kubwera. NVIDIA inakana njirayo. Anthu a Nouveau anachita kufufuza okha, kuzonda zimene driver ya kampaniyo inkatumiza ku khadi kuti alembe yawo, ntchito yofanana ndi ya makaniko wokonza injini bonati ili yokhoma. Anafika patali ndithu, koma makhadi a GTX 900 a mu 2014 anabwera ofuna firmware yosainidwa ndi kampani, moti Nouveau inalephera kuwathamangitsa pa liwiro lawo lonse. N'chifukwa chake mawu akuti nomodeset, omwe munthu amalemba pa mzere woyambitsira makina kuti kernel isakhudze khadi mpaka aikepo driver ina, anafala chonchi. Ndipo Torvalds atadzudzula NVIDIA pagulu pa yunivesite ya Aalto mu 2012, ankanena zomwe okonza makompyuta anali atatopa nazo kale.

Ena amati olakwa ndi olemba kernel, popeza amasinthasintha m'kati mwake, ndiye driver yomwe inkagwira dzulo imafa makina akalandira kernel yatsopano. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo amene anaonapo pulogalamu ya DKMS ikulephera kumanganso driver amadziwa kuwawa kwake. Komabe kusinthako sikuvutitsa driver za Intel ndi AMD, chifukwa zili m'kati mwa kernel momwemo, ndipo wosintha chinthu amakonzeratu zonse zodalira chinthucho. Imene imaphwanyika ndi yotsala kunja, yomwe palibe wina angaiwerenge. Kernel imadzilemba chizindikiro chakuti tainted ikalandira driver yotsekedwa, ndipo akatswiri ambiri salandira madandaulo a makina otere. Si nkhanza: sangafufuze cholakwika m'malo omwe saloledwa kuonamo.

Enanso amati driver yotsekedwa ya NVIDIA inali yamphamvu kuposa zotseguka zonse pa masewera ndi ntchito zolemera. Zimenezo n'zoona, kwa zaka zambiri inalidi patsogolo. Driver zotseguka nazonso zimalakwitsa, sikirini imatha kuthima ngakhale pa khadi la AMD. Kusiyana kuli pa zomwe zimachitika vuto likabuka. Pa driver yotseguka, munthu amatenga uthenga wa kernel wa mu dmesg, n'kulondola kusintha kumene kunabweretsa vutolo, ndipo aliyense waluso akhoza kulikonza. Pa yotsekedwa, amangotumiza lipoti n'kukhala chete kudikira kampani.

Ngakhale NVIDIA yomwe inafewa. Mu May 2022 inatsegula mbali ya driver yake yolowa mu kernel, ya makhadi a Turing ndi otsatira. Ndi sitepe yoyamikika, koma ntchito yambiri inasamukira mu firmware ya GSP yomwe ikadali yotsekedwa, ndipo cholakwika chikabisala mmenemo, wokonza wa kunja kwa kampaniyo alibe poyambira.