Anyezi wa ku Roscoff ndi Amalonda a Panjinga

Kumpoto kwa chigawo cha Brittany, m'dziko la France, kuli katauni ka m'mphepete mwa nyanja kotchedwa Roscoff. Kumeneko sikuzizira kwambiri, ndipo kuyambira kale alimi ankathira ndere za m'nyanja m'minda ngati manyowa. Anyezi wofiirira wa m'deralo, yemwe anthu amati mbewu yake inabwera ndi mmonke wina kuchokera ku Portugal m'zaka za m'ma 1600, ankabereka mpaka kuposa amene mabanja akanatha kudya.

Kulima sikunali kovuta: kufesa pa nazale, kuwokera mbande, kupalira, kenako kuzula mu Ogasiti. Mutu unkakula anyezi akatuluka m'nthaka. Anyezi wosauma bwino amayamba kuwola pakhosi, apo ayi amaphuka. Choncho alimi ankamuyanika m'munda momwemo mpaka masamba atafota, n'kumumangirira mmodzimmodzi pa udzu wolimba, akuluakulu pansi, ang'onoang'ono pamwamba. Akamanga pakhosi mothina, mpweya sulowa ndipo anyezi saphuka msanga. Mtolo wotere ukapachikidwa pamalo ouma umatha miyezi yambiri.

Luso limeneli ndi lomwe linabala malonda. Misewu yopita ku Paris inali yoipa, ndipo njanji sinafike ku Roscoff mpaka mu 1883, pomwe England anali tsidya lina la nyanja chabe. Mu 1828 mlimi wina wachinyamata, Henri Ollivier, anapakira anyezi m'ngalawa n'kukagulitsa ku England. Atabwerera ndi ndalama, anzake sanachite kuuzidwa kawiri.

Chaka ndi chaka, akangokolola, amuna ankawoloka m'magulu okhala ndi bwana wawo, ndipo ena ankatenga ndi ana omwe. Ankachita lendi nyumba zosungiramo katundu, momwe ankagona pa udzu pafupi ndi matumba. Usiku ankamanga mitolo, m'mawa n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo. Poyamba ankanyamula mitoloyo pa ndodo yopingasa paphewa, koma njinga zitabwera ankaikolowetsa pa handulo mpaka kutsogolo kusaoneka bwino. Angerezi anawatcha Onion Johnnies. Ku Wales zinthu zinkawayendera chifukwa chinenero chawo cha Breton n'chapachibale ndi cha Welsh. Chodabwitsa n'chakuti Angerezi ambiri ankaganiza kuti Mfalansa aliyense amaoneka chonchi, kachipewa kumutu ndi anyezi panjinga, pomwe kwa ambiri mwa amalondawa Chifalansa sichinali chinenero chawo choyamba.

Za akazi awo sizikambidwa kwenikweni, komatu ndi iwo amene ankatsala ndi minda, ziweto ndi ana kwa theka la chaka.

Nyanja nayo inkadya anthu. Mu Novembala 1905 sitima ya Hilda, yochokera ku Southampton ku England, inagunda miyala pafupi ndi Saint-Malo ku Brittany kukugwa chipale chofewa. Mwa anthu amene anamira, oposa 70 anali ogulitsa anyezi omwe ankabwerera kwawo ndi ndalama za chaka chonse.

Malondawa anafika pachimake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pomwe ogulitsa pafupifupi 1,400 ankawoloka chaka chilichonse. Kenako paundi inagwa mphamvu mu 1931, Britain inaika misonkho pa katundu wakunja, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatseka njira, ndipo pambuyo pake masitolo akuluakulu anayamba kugulitsa anyezi wotchipa chaka chonse. Pofika m'ma 2000 kunatsala ogulitsa owerengeka.

Alimi a m'deralo sanausiye msika wa tsidya linalo. Motsogoleredwa ndi Alexis Gourvennec, anakhazikitsa kampani ya sitima yomwe lero ndi Brittany Ferries, ndipo mu Januwale 1973 sitima yawo yoyamba inanyamuka ku Roscoff kupita ku Plymouth ku England. Mu 2009 boma la France linateteza dzina la anyeziyu, moti wolimidwa kunja kwa dera lovomerezeka saloledwa kugulitsidwa ngati wa ku Roscoff.