Giya, chiwongolero ndi mawu amene akusowa m'galaja

Wophunzira umakaniko akafunsidwa kuti anene m'Chichewa chimene giyabokosi ili, yankho lofulumira kubwera ndi lakuti "bokosi losinthira liwiro la galimoto". Mawuwa amamveka osalala, ndipo womasulira wofuna kuonetsa kuti amakonda chinenero chake angawalandire ndi manja awiri. Vuto lake ndi lakuti amaphunzitsa cholakwika. Liwiro limasinthidwanso ndi phazi galimoto ili pa giya imodzimodziyo. Ntchito yeniyeni ya giyabokosi ndi kusinthanitsa: imachepetsa kuzungulira kofulumira kwa injini kuti magudumu apate mphamvu yopotokola, kapena kusiya ina ya mphamvuyo kuti magudumu azungulire msanga. Wakabaza amene njinga yake ili ndi magiya amadziwa zimenezi ndi miyendo yake: pachitunda amapalasa kambirimbiri njinga n'kumakwera pang'onopang'ono, pachidikha amapalasa modekha njinga n'kumathamanga. Mawu amene abisa kusinthanitsa kumeneku, ngakhale atakhala Chichewa chenicheni, amusiya wophunzira mumdima. Ine ndikuti mawu a ntchito tiziyamba tawafunsa ngati akulekanitsa zinthu zimene ntchitoyo imalekanitsa. Funso loti anachokera kuti libwere pambuyo. Zimenezi zimaonekera bwino pa ntchito yosintha giyabokosi ndi zowongolera za galimoto yakale, imene eni magalimoto otere ku Britain amaichita kwambiri.

Titenge Morris Minor, galimoto yaing'ono imene inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971. Giyabokosi yake ili ndi magiya anayi opita kutsogolo, ndipo pa giya yachinayi shafiti yotuluka m'giyabokosi imazungulira mofanana ndendende ndi injini. Pamisewu yayikulu ya masiku ano injiniyo imabangula ulendo wonse, n'kumatentha ndi kumwa mafuta. Ambiri amachotsa giyabokosiyo n'kuikapo ya Ford yotchedwa Type 9, imene inali mu Ford Sierra kuyambira 1982. Imeneyi ili ndi giya yachisanu ya pafupifupi 0.82 pa 1, kutanthauza kuti injini imene inkazungulira ka 4,000 pa mphindi imatsikira cha pa 3,280 liwiro la galimoto lisanasinthe. Tsono tayesani kunena ndime imeneyi ndi mawu amodzi aja a "giya" monga momwe timawagwiritsira ntchito. Dalaivala akati "wagwira giya" akunena ndodo ya m'dzanja. Akati "ika giya yachiwiri" akunena mulingo wa kazunguliridwe. Makaniko akati "giya yatha mano" akunena gudumu lachitsulo la m'kati, ndipo akati "tatsitsa giya" nthawi zina akunena bokosi lonselo. Kucheza kwa pamsewu sikusokonekera nazo, chifukwa chinthucho chimakhala pamaso. Koma pophunzitsa, kapena pokambirana mtengo wa ntchito, zinayizi ziyenera kulekana. Chichewa chili nazo kale zolekanitsira popanda kupeka chachilendo: ndodo ya magiya, gudumu lamano, giyabokosi, ndipo "giya" yokhayo itsalire mulingo umene dalaivala amasankha. Atatu mwa mawuwa ndi obwereka kapena osakaniza, ndipo palibe chimene ataya.

Pali mawu ena awiri amene ndikuti tiwabwereke basi, osachita nawo manyazi: overdrive ndi synchromesh. Oyambawo akamasuliridwa potsata maonekedwe ake amatuluka ngati "kuyendetsa mopitirira" kapena "liwiro loonjezera", ndipo womva amaganiza za dalaivala wothamangitsa. Pamene overdrive ndi mulingo uliwonse umene shafiti yotuluka imazungulira msanga kuposa injini, ndipo cholinga chake chachikulu ndi kupumitsa injini. Pa Land Rover zakale za mtundu wa Series, zimene zinayenda kwambiri m'misewu yafumbi ya kuno kuyambira nthawi ya Nyasaland, overdrive ya kampani ya Fairey ndi kabokosi kapadera komangirira kumbuyo kwa bokosi logawira mphamvu kumagudumu (transfer box), kokhala ndi ndodo yakeyake. Galimoto yotere imakhala ndi ndodo zinayi pafupi ndi bondo la dalaivala: ya magiya, ya mutu wofiira yosankhira mulingo wotsika kapena wokwera, ya mutu wachikasu yolumikizira magudumu onse anayi, ndi ya overdrive. Kutchula zonsezi kuti "giya" ndi kusokeretsa munthu. Synchromesh nayo ndi mphete zimene zimalinganiza liwiro la zitsulo ziwiri zisanalumane. Cadillac inayamba kuziika mu 1928, koma Land Rover Series IIA inalibe pa giya yoyamba ndi yachiwiri, ndipo madalaivala ankaponda kilatchi kawiri posintha kuti mano asakukutane. Series III ya 1971 ndiyo inabwera nazo pa magiya onse anayi. Tingafotokoze m'Chichewa kuti ndi mphete zolinganiza, ndipo kufotokoza kumeneko n'kofunika m'kalasi. Koma dzina limene makaniko adzanene pogula chitsulocho ndi limene lalembedwa m'buku la zipangizo, ndipo kumupatsa dzina lina la m'kalasi mokha ndi kumusenzetsa katundu wawiri.

Nkhani ya chiwongolero ndi yosiyana, chifukwa apa Chichewa chinapambana chokha. Mawuwa anachokera ku mneni "kuwongola", anazika mizu, ndipo mwana aliyense amene anapangapo galimoto yamawaya amawadziwa. Koma chiwongolero ndi chozungulira chogwira m'manja chija, pamene ntchito ya makaniko ili pansi pake. Pa Land Rover Series, dalaivala akapotoza chiwongolero mphamvu imatsika ndi mtengo wachitsulo kufika m'bokosi momwe timipira tachitsulo timayenda m'mizere ya wononga, n'kutuluka ndi mkono, n'kudutsa pa cholandizira chotchedwa relay chimene chinabooleredwa m'chasisi kutsogolo, kenako m'ndodo zofika kumagudumu. M'njira monsemo muli mfundo zisanu ndi imodzi zokhala ndi mpira, ndipo iliyonse ikadyeka pang'ono kugwedera kwake kumaonjezerana mpaka kufika m'manja. Morris Minor ilibe zonsezi: kuyambira 1948 inabwera ndi rack and pinion, gudumu laling'ono lamano loyenda pa chitsulo chachitali chamano. Munthu akati "ndasintha chiwongolero", sitidziwa ngati wasintha chogwira m'manja, bokosi, kapena dongosolo lonse. Sindikuona chifukwa chotayira mawu abwinowa n'kuthamangira a Chingerezi. Mneni womwewo ungabereke ena: chiwongolero cha m'manja, bokosi la chiwongolero, ndi "zowongolera" pa dongosolo lonse.

Pamene Chichewa chili ndi chuma chenicheni ndi pa aneni, ndipo apa ndi pamene olemba mabuku amanyalanyaza. Makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi amati chiwongolero chauma, chikugwedera, chikukokera mbali imodzi, chikunjenjemera. Amati giya ikukana kulowa, ikukukuta, ikutuluka yokha, ikulira. Mneni uliwonse ukuloza nthenda yake. Kusiyana kwa kuuma ndi kugwedera ndiko phata la ntchito yonse yoika power steering pa galimoto yakale. Chithandizo chimenechi, chimene Chrysler inayamba kugulitsa mu 1951, lero chimaikidwa m'njira ziwiri: bokosi la mafuta opopedwa, monga la Range Rover P38 limene ambiri amaika pa Land Rover Series, kapena mota yamagetsi yomangirira pa mtengo wa chiwongolero, nthawi zambiri yochotsedwa mu Vauxhall Corsa. Mota yamagetsiyo imachiza kuuma kokha. Kugwedera kochokera m'mfundo zodyeka kumatsala pomwepo, ndipo kumaopsa koposa chifukwa manja sakumvanso bwino zimene magudumu akuchita. Wophunzira amene wamva aneni awiriwa m'chinenero chake sangasokoneze ntchito ziwirizi.

Mawu ovutitsitsa pa onse ndi ofala kwambiri aja, "kukonza". Timakonza galimoto yofa, timakonza yakale kuti ibwerere mwakale, timakonzanso pofuna kuti ikhale yoposa mmene inatulukira ku fakitale. Kwa osunga magalimoto akale, ntchito zitatuzi zimalimbana. Bungwe la FIVA, limene limati galimoto ndi ya mbiri yakale ikafika zaka 30, linalemba Charter of Turin imene inayamba kugwira ntchito mu 2013, ndipo mmenemo linalekanitsa kusunga, kubwezeretsa ndi kukonza chowonongeka. Ku Britain kusiyanaku kunalowa mpaka m'kaundula wa boma. Kwa zaka zambiri bungwe losunga kaundulayo, DVLA, linkawerenga mapointi pa galimoto yosinthidwa kwambiri: 5 pa chasisi, 2 pa masipuling'i ndi zogwiriziza zake, 2 pa ma axle, 2 pa giyabokosi, 2 pa zowongolera, ndi 1 pa injini. Kuti galimoto isunge nambala yake yoyamba inkafunika mapointi 8 mwa 14, kuphatikizapo 5 a chasisi. Choncho wosintha giyabokosi ndi zowongolera pamodzi ankataya 4, ndipo akasinthanso injini ndi ma axle nambala inkamupulumuka. Chinenero chimene chikunena zonsezi kuti "kukonza" sichingafotokoze lamulo lotere. Koma mawu alipo: kukonza chowonongeka, kubwezeretsa mwakale, ndi kusintha kapangidwe. Ndimakana "kukweza" amene ena amagwiritsa ntchito, chifukwa m'galaja kukweza galimoto ndi kuinyamula ndi jeke, ndiponso mawuwo amagamuliratu kuti chatsopanocho ndi chabwino, pamene imeneyo ndiyo nkhani imene eni magalimotowa amatsutsana.

Okonda Chichewa chosasakaniza adzati kubwereka kotereku ndi kugonja, kuti tikalola overdrive lero mawa chiganizo chonse chidzakhala Chingerezi chovala mphatikiri za Chichewa. Nkhawa yawo ndi yoona ndipo sindikuipeputsa, pakuti zimamvekadi pa wailesi. Koma chimene chimapha chinenero ndi kutaya aneni ndi kamangidwe ka ziganizo, osati kulandira mayina a zinthu. Sukulu, buku, fosholo ndi injini tinazilandira kalekale, zinalowa m'magulu a mayina athu, ndipo Chichewa sichinafooke nazo. Makaniko wonena kuti "synchro yadyeka, n'chifukwa chake giya ikukukuta" akuganiza m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wolemba kuti "bokosi losinthira liwiro" wasankha mawu oyera koma wataya ganizo.

Kumbali inayo kuli amene amati zonsezi n'kutaya nthawi, popeza mabuku a umisiri, mayeso ndi mitengo ya zipangizo zili m'Chingerezi, ndiye mwana aphunzire Chingerezi basi. Maganizo amenewa ndiwo ali ndi mphamvu m'malamulo athu. Chichewa chinalengezedwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, Centre for Language Studies ya ku Zomba inatenga malo ake mu 1996 n'kutulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira. Zotsatira zake m'galaja ndi zakuti mnyamata amaloweza tanthauzo la overdrive m'Chingerezi kuti akhoze mayeso, n'kukaphunzira ntchito yeniyeni kwa bwana wake m'Chichewa chimene palibe anachilembapo. Chidziwitso chake chimakhala pawiri, ndipo magawo awiriwo sakumana. Sindikupempha kuti Chingerezi chichoke m'masukulu a ntchito zamanja. Buku la zipangizo lidzafunabe kuwerengedwa. Ndikupempha kuti akatswiri a chinenero, m'malo mopeka mawu ali pa desiki, akakhale pansi pa galimoto ndi amakaniko, alembe mawu amene akunenedwa kale, aone pamene liwu limodzi lasenza zinthu zinayi monga "giya", ndipo apo pokha ndi pamene aike dzanja lawo. Galimoto yakale ndiyo yoyenera kuyambirapo, chifukwa ziwalo zake zili poyera. Pa Land Rover Series munthu angatsate ndi chala njira yonse kuchokera pa chiwongolero kufika pa gudumu, n'kumafunsa dzina la chitsulo chilichonse ndi mneni wa nthenda yake, wina akugwedeza chiwongolero m'kati.