Maina a Agalu a Atsogoleli Amakamba Ndale

Kumudzi galu sapatsidwa dzina mwamwayi cabe. Mukamva ambuya aitana kuti “Adzatopa! Adzatopa!” dziŵani kuti uthengawo upita kwa aneba amijedo. Galuyo ni mthenga cabe. Atsogoleli a maiko nawonso amaidziŵa njila imeneyi.

Mu 2017, mtsogoleli wa Turkmenistan anapatsa Vladimir Putin kamwana ka galu, dzina lake Verny, kutanthauza “wokhulupilika” m’Cirasha. Mphatso yocoka ku dziko limene kale linali kulamulidwa kucokela ku Moscow, ndiye dzina n’kukhala limenelo! Ku Ireland, Michael D. Higgins ali pulezidenti anacha agalu ake Bród, Síoda ndi Misneach: kunyada, nsalu ya silika, ndi kulimba mtima. Onse ni mau a Ciairishi, cinenelo cimene Cizungu cinacipondeleza kwa zaka zambili. Ife kuno m’makomboni tikali pa Tiger na Danger.

Koma nkhani imene imanigwila mtima ni ya ku Korea. Mu June 2000, Kim Dae-jung, pulezidenti wa South Korea, anapita ku Pyongyang kukaonana ndi Kim Jong Il wa North Korea. Kucokela pamene dzikolo linagaŵika paŵili mu 1945, atsogoleli a mbali ziŵilizi anali asanakhalepo pansi pamodzi. Kim Jong Il anapatsa mlendo wake tiagalu tuŵili toyela twa mtundu wa Pungsan, agalu osaka nyama a m’mapili a kumpoto. Tunabwela na maina kale: Jaju, “kudziimila pawekha,” ndi Dangyol, “mgwilizano.”

Amveka bwino, si conco? Koma awa ni mau amene boma la kumpoto limakonda kuŵilikiza m’ndale zake, ndipo “kudziimila pawekha” kumeneko kumaloza asilikali a America amene ali kum’mwela. Kubweza mphatso kukanakhala cipongwe. Kuitana mainawo m’maŵa uliwonse pabwalo la nyumba ya boma ku Seoul kukanakhala ngati kuimba nyimbo ya cipani ca mnzako. Agaluwo anasungidwa, maina n’kusinthidwa: Uri ndi Duri. Mukawachula pamodzi, atanthauza “ife aŵili.” Kwa ine, mau aŵiliwa anakamba zoona kupambana zikalata zonse za msonkhanowo.

Pambuyo pake Uri ndi Duri anasamutsidwila kumalo oonetselako nyama pafupi na Seoul, kumene anabeleka ana ambili. Nkhondo ya ku Korea inaima mu 1953 mwa kungogwilizana kuleka kuombelana, ndipo pangano la mtendele silinasainidwe mpaka lelo.