Zipolowe ku Malawi ndi ku Zambia kuchokera mu 1964

Malawi ndi Zambia adalandira ufulu wodzilamulira m'chaka chimodzi, 1964, atatuluka m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma zipolowe zam'maiko awiriwa zakhala zikubuka nthawi zosiyana ndi pazifukwa zosiyana.

Poyambirira magazi ambiri adakhetsedwa ku Zambia. Mu 1964 asilikali adalimbana ndi otsatira mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ku Chinsali ndi ku Lundazi, ndipo anthu oposa 700 adafa. Ku Malawi mkangano udali pakati pa Kamuzu Banda ndi nduna zake. Henry Chipembere adayesa kuukira boma mu 1965, Yatuta Chisiza mu 1967, onse osaphula kanthu.

Kuchokera apo mpaka 1992 m'misewu ya Malawi mudangoti zii. Wowerenga zionetsero zokha angaganize kuti kudali mtendere, pomwe anthu adakhala chete chifukwa choopa apayoniya ndi kutsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Ku Zambia nakonso kudali chipani chimodzi, koma Kenneth Kaunda sadathe kutseka pakamwa mabungwe a anthu ogwira ntchito m'migodi ya kopa. Komanso anthu ochuluka kumeneko ankakhala m'matauni nkumadya ufa wogula, pomwe Amalawi ambiri ankadalira nkhokwe zawo kumudzi. Motero ufa ukakwera mtengo, boma la Zambia linkagwedezeka. Mu Disembala 1986 anthu adaswa masitolo ku Kitwe ndi ku Ndola mpaka Kaunda adabweza mtengo wakale. Mu Juni 1990 zipolowe za ufa zidapha anthu oposa 20, makamaka ku Lusaka, ndipo msilikali wina, Mwamba Luchembe, adalengeza pa wailesi kuti boma lagwa. Lidakhalapobe, koma chaka chotsatira Frederick Chiluba adapambana chisankho.

Ku Malawi mantha adayamba kutha ndi kalata ya mabishopu a Katolika ya Malichi 1992. Mu Meyi sitiraka ya pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead idafalikira mu Blantyre, apolisi adaombera anthu, ndipo mu Juni 1993 riferendamu idabweretsa zipani zambiri.

M'nyengo ya matipate zinthu zatembenuka, ndipo zionetsero zikuluzikulu zachitikira ku Malawi. Za pa 20 Julaye 2011, zodandaula za kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, zidaphetsa anthu 20, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Mu 2019 bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC lidatsogolera zionetsero kwa miyezi yambiri pokana zotsatira za chisankho cha pulezidenti, chomwe khoti lidachifafaniza pa 3 Febuluwale 2020. Ku Zambia boma lidasintha pa voti mu 2011 ndi mu 2021 popanda chipwirikiti cha dziko lonse. Ziwawa zakumeneko zakhala za anyamata a zipani ndi zam'makomboni, monga za mu Epulo 2016 pomwe anthu adathyola mashopu a Anyarwanda ku Lusaka atamva mphekesera zoti akupha anthu pofuna zizimba.