Nchito Ikatha, Tidya Ciani?

Kuno ku Tsangano ndi ku Macanga, mudzi uliwonse uli ndi agogo amene anapita ku ulendo wa nchito. Ena anafika ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Ena anakumba malasha ku Wankie. Ena anathyola fodya m'mafamu a azungu. Ena anawoloka malire kulowa m'Nyasaland, nalembetsa kwa Wenela ngati anthu a kumeneko, nakalowa m'migodi ya golide ku Joni. Agogowa amakonda kusimba za njinga, bulangeti ndi makina osokera. Koma ife tiwafunse funso lina: tsiku limene nchito inatha, anadya ciani?

Makolo athu sanapite cifukwa cokonda kuyenda. Mu 1899 boma la Apwitikizi linaika lamulo lakuti mwamuna aliyense wakuda ayenera kugwira nchito. Panalinso msonkho wofuna ndarama, osati cimanga. Wolephera kukhoma ankagwidwa ndi asipayi kupita ku cibalo, kukalambula miseu kapena kukadula nzimbe. Mu 1913 Apwitikizi anapangana ndi boma la Southern Rhodesia kuti lizilemba anchito m'dera la Tete. Cibalo cinathetsedwa papepala mu 1961. Nthawi yonseyi boma linkadziwa kukankhira munthu ku nchito, koma za tsiku limene nchito idzatha silinaganize konse.

Nanga ankawasunga ndani? Munda. Bwana ankalipira ndarama zocepa cifukwa ankadziwa kuti kumudzi kuli mkazi amene akulima, akulera ana, akudzaza nkhokwe. Mwamuna akadwala cifuwa ca m'mgodi, akakalamba, kapena fodya akatsika mtengo, ankauzidwa kuti amange katundu. Ankabwerera kudzadya za m'nkhokwe imene bwana sanaikemo ngakhale citsononkho cimodzi. Tisaope kunena, anzathu: amai athu ndiwo ankalipira malova a m'migodi ndi m'mafamu, ndipo ankalipira ndi khasu. Amene analibe kobwerera anakhala machona.

Ku migodi ya South Africa kunali njira ina. Pangano la 1928 linati gawo la malipiro a wanchito wa ku Moçambique lizisungidwa, kuti akalandire atabwerera kwao. Munthu ankafikadi ndi kanthu m'thumba. Koma ndaramayo inali yake yomwe, yongosungidwa ndi ena. Opindula kwambiri anali boma la Lisboa, limene linkalandira gawolo m'golide pa mtengo wotsika, nkukagulitsa pa mtengo wokwera. Za golidezi zinatha mu 1978.

Kenaka makomo anatsekeka limodzi. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha anchito a ku Malawi oposa 70, ndipo Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu. Mu 1975 anthu a ku Moçambique m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000. Pofika 1977 sanakwane ndi theka lomwe. Mu Marici 1976 malire athu ndi Rhodesia anatsekedwa. Amuna ambirimbiri anapezeka ali manja lende, ena kumudzi, ena m'matauni.

Mu 1983 boma linayesa mankhwala owawa, ochedwa Operação Produção. Anthu a ku Maputo ndi Beira amene analibe cikalata ca nchito anagwidwa, natumizidwa kukalima kutali, makamaka ku Niassa. Ambiri anali asanagwirepo khasu. Zakudya ndi zipangizo zinali zosowa, ndipo ena anafera komweko osaonanso abale ao. Ulova unayesedwa mlandu. Kwathu kuno nkhondo inatilanda ngakhale mundawo, ndipo mabanja ambiri anathawira ku Ntcheu ndi Dedza kufikira mtendere wa 1992.

Tsono tione mmene ena amacitira. Ku South Africa kuli thumba la malova lochedwa UIF. Lamulo la 1946 la thumbali linasiya kunja anthu akuda a m'migodi ndi anchito a m'mafamu, omwe aja ankalifuna koposa. Lamulo latsopano linabwera mu 2001. Mwezi uliwonse wanchito amaponya randi 1 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, bwananso amaponya 1. Nchito ikatha, thumba limamupatsa gawo la malipiro ake akale. Wolandira zocepa amapatsidwa kufikira 60 pa 100, wolandira zambiri amapatsidwa 38 pa 100. Salandira mpaka kalekale: masiku ake amawerengedwa malinga ndi nthawi imene anaponya, ndipo sapitirira caka cimodzi. Ayenera kulembetsa kuti akufuna nchito. Wosiya yekha nchito salandira.

Bwanji sampatsa malipiro onse? Taganizani za nkhokwe ya mudzi wonse. Aliyense akatapamo mopanda muyeso, idzatha mvula isanagwe, ndipo ena adzaleka kufuna nchito. Koma muyeso ukacepa kwambiri, munthu adzagulitsa mbuzi, adzadya mbeu, adzacotsa mwana pasukulu, ndipo adzavomera nchito iliyonse ngakhale ya malipiro acipongwe. Ife tikuona kuti ngozi yaciwiriyi ndiyo yaikulu kwa osauka. Sitinaonepo munthu wokhala ndi ana anjala akukana nchito yabwino cifukwa ca tindarama ta miyezi yowerengeka.

M'dziko lathu, lamulo la 1989 linayambitsa thumba la anchito limene limasungidwa ndi INSS. Wanchito amaponya meticais 3 pa 100, bwana amaponya 4. Thumbali limathandiza pa ukalamba, matenda, kulumala ndi imfa. Pa ulova silithandiza. Wocotsedwa nchito popanda kulakwa amangolandira cipepeso kamodzi kucokera kwa bwana, monga lamulo la nchito linenera.

Ndipo ambiri a ife sitili m'buku la bwana aliyense. Timalima mbatata ya kacewere, tirigu, nyemba ndi fodya. Timapita kuganyu. Ulova wathu umabwera caka ndi caka, kapena tsiku limene wogula fodya wakana mabelo. Thumba lofuna malipiro a pamwezi silingatipeze.

Njira imene yafika pafupi ndi mlimi ndi PASP, ya bungwe la boma la INAS, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Mabanja osauka amene ali ndi mphamvu amakonza miseu, amabzala mitengo, amayeretsa malo, nalandira ndarama. Nchito yake ndi ya maola ocepa patsiku, kwa miyezi yowerengeka, kuti munthu apezenso nthawi ya munda wake. Ena akaona anthu akulambula mseu amakumbuka cibalo. Kusiyana kulipo: pano munthu amalowa mwa kufuna kwake, ndipo palibe msipayi. Koma nchitoyi ikaikidwa nthawi yopalira, munda umalowa thengo. Malipiro akacedwa miyezi, munthu amakatenga ngongole ya katapira asanalandire, ndipo ndarama ikafika imangodutsa m'manja kupita kwa mwini ngongole.