Masewero owombera a pakompyuta oyenera ana: chiyambi chake ndi zizindikiro za zaka

Masewero amene pa Chingerezi amatchedwa first-person shooter ndi omwe wosewera amaona zochitika ndi maso a munthu wa m'seweromo. Nkhope ya munthuyo sioneka ayi. Chooneka ndi manja ake, chida chimene wanyamula, ndi adani amene ali kutsogolo kwake. Mtundu umenewu unatchuka ndi Wolfenstein 3D wa 1992 ndi Doom wa 1993, onse a kampani ya id Software ya ku America, ndipo onse anali odzaza ndi mfuti ndi magazi.

Pasanapite nthawi, makampani ena anatenga luso lomwelo nkuchotsamo kuphana. M'chaka cha 1994 kampani ya Wisdom Tree inatulutsa Super 3D Noah's Ark pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Wolfenstein 3D. M'seweroli wosewera ndi Nowa, adani ake ndi nyama zosamvera m'chingalawa, ndipo chida chake ndi legeni yoponyera chakudya. Nyama ikakhuta imagona tulo, siifa. Mu 1996 kunabwera Chex Quest, yemwe anamangidwa pa pulogalamu ya Doom ndipo ankaperekedwa ulere m'makatoni a chakudya cha kadzutsa cha Chex. Mdani akawomberedwa amangobwezedwa kudziko la kwawo. Ngakhale cholinga chinali kutsatsa malonda, seweroli linakondedwa kwambiri moti mu 2020 linakonzedwanso mwatsopano.

Ena anasintha chida chenichenicho. Pokémon Snap wa 1999 anapatsa mwana kamera, Portal 2 wa 2011 chipangizo chotsegula makomo pakhoma, pomwe mu Slime Rancher wa 2017 wosewera amakoka tizilombo ndi chipangizo chopopa nkukatiweta. Splatoon wa Nintendo, yemwe ambiri amamuika m'gululi chifukwa amawombera inki, sali m'gululi kwenikweni popeza wosewera amaona thupi lonse la munthu wake.

Chothandiza kholo posankha ndi chizindikiro cha zaka. Ku America, bungwe la ESRB linakhazikitsidwa mu 1994, aphungu a Senate atakambirana za nkhanza za mu Mortal Kombat ndi Night Trap kumapeto kwa 1993. Chilembo E chimatanthauza aliyense, E10+ zaka 10 kupita m'mwamba, T zaka 13, ndipo M zaka 17. Ku Ulaya, ndondomeko ya PEGI, yomwe inayamba mu 2003, imalemba manambala 3, 7, 12, 16 ndi 18. Mabungwe awiriwa sagwirizana nthawi zonse: Portal 2 ndi E10+ ku America koma 12 ku Ulaya. Nambalayi imanena za zooneka m'sewero, osati kuvuta kwake.

Komatu kusaoneka kwa magazi pakokha sikokwanira. Masewero akale aja mwana ankasewera yekha kapena ndi anzake apafupi, pomwe ambiri a lero amaseweredwa pa intaneti ndi anthu osawadziwa, akuluakulu omwe, amene amalankhula naye mwachindunji. Zokamba zawozo sizinaunikidwe ndi bungwe lililonse, ndipo chizindikiro cha zaka sichiziwerengera.

Vuto lina ndi la ndalama. Masewero ambiri otchedwa aulere amagulitsa katundu m'kati mwake, kuphatikizapo mabokosi amene wogula sadziwa zomwe zilimo kufikira atalipira. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi otere ndi juga, ndipo mu 2020 ESRB inayamba kuika chenjezo lapadera pa masewero okhala nawo. Makina a Nintendo, PlayStation ndi Xbox ali ndi malo omwe kholo lingatsekere kugula, kuletsa macheza ndi alendo, komanso kuika malire a maola. Kawirikawiri zimenezi sizigwira ntchito kufikira kholo litatsegulira mwana akaunti yakeyake yolembedwa zaka zake zenizeni.